Chifuwa cha Nambala Seveni

Ntchito yanga ndi ya usiku, pa Katoto,
m'kachipinda ka zenera limodzi:
ine, ketulo, buku la malipoti,
ndi bokosi lakuda lolankhuliramo alonda makumi awiri.
Zaka khumi ndi zinayi tsopano.
Maso ayamba kufuna magalasi, koma khutu likadali mnyamata.

Munthu asanatsegule pakamwa
wailesi yake imayamba yadzitchula.
Ya ku Chibavi imati tswee, ngati dontho logwera pa mbaula.
Ya ku Luwinga ndi yachibwibwi.
Nambala seveni, ya a Mzumara kosungira khofi,
imatsokomola kaye kamodzi,
kachifuwa kouma ka mwezi wa Juni,
kenaka mkuluyo: Mama, kuno kuli bata, koma mphepo.
Zonsezi zinabwera m'katoni imodzi,
zofanana ngati mazira a m'thireyi,
komatu ngakhale mapasa salira mofanana.
Funsani anawabereka.

Sangwani, mwana wa mchemwali wanga,
anabwera tsiku lina ndi kompyuta ndi kamlongoti kotalika ngati cholembera.
Anti, zimene mumamvazi zimajambulika.
Anandionetsa pagalasi: wina akadina batani
mafunde amadzuka ngati kaphiri,
kena kosongoka, kena kogona ngati Kaning'ina,
kena konjenjemera pamutu.
Akuti chipangizo chilichonse chimatuluka m'fakitale ndi chilema chake,
kamtima kake kothamanga pang'ono kapena kotsalira,
ndipo dzina ungasinthe, nambala ungafufute,
koma kadzukidwe ka mafunde ndi chidindo cha chala.
Ndinaseka mpaka tiyi kunditsamwa:
zaka zinayi ku yunivesite, mwanawe,
kukaphunzira khutu langa?

Usiku uja chifunga chinatsika molawirira,
nyali za mumsewu wa ku Karonga zitavala thonje.
Cha m'ma thuu koloko bokosi linalankhula:
Seveni pano, kuli bata.
Mawu okulunga m'chikhoti, ofanana ndithu,
nambala yake, nthawi yake.
Ndinagwira cholembera kuti ndichonge.
Dzanja linakana.

Panalibe chifuwa.

Mawuwo analowa osagogoda, osalala ngati mbale yatsopano,
ndipo za mphepo sanatchule.
Ndinayankha kuti chabwino seveni, Mulungu akusungeni,
mawondo akuombana pansi pa tebulo,
dzanja linali kale pa foni kudzutsa galimoto.

Anawapeza a Mzumara kuseri, atamangidwa ndi lamba wawo womwe,
chisoti chili m'kamwa, milomo itauma ndi kuzizira.
Lole inathawa ndi matumba asanu, ena onse anatsala pakhomo.
Wailesi yawo anaitola m'ngalande kutacha.
Nditaipukuta, nditaiyanika pa ketulo, ndinadina.
Inatsokomola.
Ndinalira ngati ndi munthu.

Abwana anandipatsa chitenje ndi satifiketi.
Chaka chino agula mawailesi ena,
aukhondo, osapuma, osakhosomola,
onse amalowa m'khutu ngati ana a sukulu ovala yunifolomu.
Sangwani akuti nawonso ali ndi zilema,
zazing'ono kwambiri, zoona makina okha,
ndipo foni yanga, ndi kabokosi ka intaneti pakhomapa,
chilichonse chimayenda chikusiya mapazi mumlengalenga.
Ndinamufunsa: nanga wotsata mapaziwo
akakhala amene ndikumuthawa?
Anakanda mutu, nati funso limenelo sanafike nalo m'kalasi.

A Mzumara anapuma, ali kwawo ku Bolero, akulima fodya.
Seveni yakale ili m'dirowa, pansi pa mabuku odzaza.
Mvula yowaza ikamachezera pa malata,
onse makumi awiri atanena bata lawo
ndi mawu amene sindingalumbirire,
ndimaitulutsa, ndimaipatsa batire,
ndimadina kamodzi,
kuti m'chipinda muno mukhaleko wina
amene ndikumudziwa.