Likhweru Losowa pa Chitunda cha Alota

Tinanyamula matumba khumi ndi awiri a kinuwa,
ine ndi atate, ulendo wa kumsika ku Uyuni,
matayala onse anayi akukumba mchenga wozizira,
ndipo pakati pa chitunda, popanda kutsanzika,
mphamvu inangoti zii
ngati munthu woiwala mawu pakati pa nkhani.

Injini sinazime ayi.
Inkalira ndithu, koma kulira kopanda msana.
Atate anaponda mafuta mpaka phazi kugunda chitsulo,
anabweza giya yachiwiri, kenako yoyamba.
Kumbuyo utsi wakuda unati tolo.

"Nilda, ika mwala kutayala."

Hilarión Colque, zaka makumi atatu m'misewu ya mchere ino,
amene madalaivala amamudzutsa usiku galimoto zikawakanika,
anatsegula boneti, masamba a koka ali kutsaya,
nayamba monga amaphunzitsira aliyense:
chotchipa poyamba, chodula pomaliza.
Anamasula kabawuti kunsi kwa sefa ya dizilo,
madontho anagwera m'chikhato,
ananunkhiza, anapenda padzuwa. Madzi munalibe.
Kapampu anakapopa ndi chala chachikulu, kanalimba bwinobwino.
Sefa ya mpweya anaigogoda pabondo,
fumbi la sabata imodzi basi.

"Utsi wakuda ndi mafuta osowa mpweya," anadziuza okha.
"Kumtunda kuno mpweya ndi woperewera kale,
ngakhale kwa ife a mapapo."
Anaika dzanja pafupi ndi tabo
monga poyesa mphumi ya mwana wodwala,
ndipo ndinaona milomo yawo ikuwerengera mtengo wa yatsopano:
matumba onse aja, kuphatikizapo malama awiri a kukhola.

"Kalize. Uponde pang'onopang'ono."

Ndinaponda.
Iwo anaweramira injini, khutu kutsogolo.
Ine pampando, zenera lotseka theka, ndinamva.
Likhweru loonda lija,
lomwe linkandigoneka ndili kamwana pampando womwewu,
kunalibe.
M'malo mwake kunali fiii wautali,
mpweya ukuthawa pamalo posayenera.

Ndinadikira kuti anene.
Sananene.
Mutu wawo unali chikhato chimodzi kuchokera paphokosolo,
nkhope ili phee, ikumvetsera chinthu china.

Apo m'pamene ndinakumbukira wailesi
yomwe masiku ano imakuwa m'nyumba mwathu,
amayi kubwereza funso lililonse kawiri,
galu kuuwa pachipata iwo osatembenuka.

Sindinati, "Ndamva."
Ndinazimitsa, ndinatsika, mphepo ikucheka makutu,
ndinaloza paipi yonenepa ya mphira
yochokera pachoziziritsira mpweya.
"Atate, oilo wanyowetsa apayu ndi wakale?"

Anandiyang'ana kaye. Nthawi yaitali ndithu.
Kenako anapisa dzanja kunsi kwa paipiyo,
kumene maso safika,
ndipo chala chinalowa chonse mumng'alu.
"Hm. Tabo ilibe mlandu.
Imapopa, koma ikupopera dziko lonse la Bolivia."

Tinang'amba chubu chakale kukhala malegeni,
ine kukoka, iwo kukulunga,
waya pamwamba, kupotokola ndi pulayala,
zala zathu zitauma ndi chisanu,
zikugundana, zosapepesana.
"Chifika ku Uyuni. Kupitirira apo sindilonjeza."

Ndinachotsa mwala.
Giya yoyamba. Yachiwiri.
Galimoto inakoka mpweya ngati wovuuka m'madzi,
msana wanga unakanikizika kumpando,
utsi unayera, chitunda chinayamba kutsalira.

Tinayenda mtunda osayankhulana.
Patali mchere unkanyezimira mpaka kuwawa m'maso.
Kenako, maso ali pamsewu, manja onse pachiwongolero,
anafunsa motsitsa, ngati akufunsa nthawi:

"Ikuimba?"

"Ikuimba, atate."

Anagwedeza mutu.
"Zenera lakolo usatseke," anatero,
ngakhale kunkazizira koopsa.