Tepi ya kwa Akimu

Kuseri kwa msika wa Kapata kunali kachisakasa ka malata,
chitseko chake thumba la feteleza.
Akimu ankalandira ndalama yathu ya sopo
n'kutilowetsa mumdima.
Tepi inali yotopa. Pakati pa filimu
nkhope zinkagwa mvula ya mizere,
iye n'kuitulutsa, kuiuzira mpweya, kuipota ndi cholembera.

Ana a sukulu a m'filimumo analibe yunifomu.
Ankayankha aphunzitsi ali chikhalire,
aliyense ndi kabati yake yachitsulo m'khonde,
pamene ife tinali awiri pa thiranki imodzi
ndi nyemba zofumbwa za kugonera konko.
Chingerezi chawo chinkathamanga kuposa chathu,
ndiye Akimu ankamasulira mmene wafunira:
"Apa akuti, iwe mtsikana, usandiyese galu."
Tinkafa nako kuseka.

Zelipa ankakhala benchi yachitatu.
Mnyamata wamanyazi uja akaima pakhomo pa mtsikana,
mawu atamuuma kukhosi,
ine ndinkawerenga mizere ya tsitsi la Zelipa.
Kakhumi n'kawiri ndinaionera. Sindinanene kanthu.
Wa m'filimu ndiye ankanena, nthawi zonse,
kutatsala mphindi zisanu.

Lero pamalo paja amagulitsapo matayala a njinga.
Akimu tinamuika kale.
Zelipa ndi namwino ku Petauke, ndimangomva, ana anayi.

Dzulo usiku magetsi atathima
mwana wanga Tikambenji anaipeza pafoni,
yoyera ngati yochapa, mawu olembedwa m'munsi.
Anaseka mathalauza awo, tsitsi lawo lofufuma.
"Adadi, izi ndi zimene munkadumphira mpanda?"
Ndinawerenga mzere uja kawiri.
Galu mulibemo.

Koma mnyamata atafika pakhomo paja
kuseka kunatha.
Pamwamba pa galasi panatulukira uthenga,
dzina limene sindinalimvepo m'nyumba muno;
anaukankha ndi chala msangamsanga
osandiyang'ana.
Moto wa foni unali utafiira.
Panja agalu a ku Mchini ankayankhizana,
udzudzu uli pa akakolo athu, osauthamangitsa.

Tinakhala chete, mapewa atagundana,
iye akuopa kuti mnyamatayo sanena,
ine, amene mathero ndimawadziwa ngati njira ya kuchigayo,
ndikuopa zomwezo.