Kope la Aulis

Mwezi wa Juni pa nyanja ya Inari dzuwa silikalowa,
limangotsamira pa mitengo ya paini
ngati mlendo wokana kutsanzika.
Ndili ndekha m'boti lako, Aulis,
injini ikung'ung'udza, zingwe zinayi zikukokeka kumbuyo.

Kachitatu tsopano ndodo yakumanzere yawerama,
kachitatu yaweramuka yopanda kanthu.
Ndakoka nyambo: mutu ulipo, mchira wapita,
mano angosiya timizere pa mamba.

M'kope lako lofufuma ndi chinyezi
munalembedwa ndi pensulo yokanikiza:
"Chopanira chingwe chisalimbe. Liwiro lisatsike.
Nsomba za kuno n'zamwano."
Zaka makumi atatu ndinkakutsanulira khofi
iwe ukutukwana madzi.

Lero kope ndalikhalira.
Ndatulutsa tupa m'kachitini kako ka fodya,
ndanola mbedza mpaka yaluma chikhadabo changa
n'kukana kutsetsereka.
Ndamangirira ina yaing'ono kumbuyo kwake,
zala ziwiri kuchokera pa yoyamba,
pomwe paja pamalekezera mano awo.
Mfundo ndainyowetsa ndi malovu monga unkachitira.
Apo pokha sindikukutsutsa.

Chopanira ndachilimbitsa, kupotoza kamodzi ndi theka,
kuti wakubayo ayambe wadzibaya yekha
chingwe chisanamasuke.
Injini ndaitontholetsa
mpaka boti layenda ngati munthu wotuluka m'tchalitchi.
Udzudzu wapeza mpata, wandizinga m'khosi.

Palibe chachitika.
Ndadutsa pa miyala itatu ija, ndakhota,
ndadya buledi wakuda, zala zachita dzanzi,
ndayamba kuganiza kuti mwina unkanena zoona.

Kenaka, cha m'ma thuu koloko, kuli ngwee,
ndodo yagwada, khwaa! chingwe chalira,
ndipo ulendo uno siinadzuke.
Ndalimbana nayo ndikuitana dzina lako
ngati uli pafupi ndi ukonde.
Ukonde ndautola ndekha, ndi dzanja lamanzere.

Yagona m'boti, yamawangamawanga, ikupuma movutika.
Mbedza yaikulu ikulendewera panja, yosakhudzidwa.
Yagwira ndi yaing'ono ija,
pakona penipeni pa mlomo.

Ndatsegula kope. Pensulo yako yabuntha,
ndaisongola ndi mpeni wotumbulira.
Pansi pa mawu ako ndinafuna kulemba zambiri.
Ndalemba tsiku, kuya kwa madzi, kulemera kwake,
kenaka dzina langa, Tuovi,
loyamba kulowa m'bukuli.