Firiji ya pa Kamwendo

Usiku imayamba ndi kukhosomola,
kenako zii,
kenako kubuula ngati munthu wolephera kutembenuka pamphasa.
Ndimadzuka, ndimapisa dzanja kumbuyo kwake
pa tizitsulo takuda topindikapindika tija.
Kunja ikutentha monga kale,
koma m'kati chisanu chasamuka osatsanzika.
Mafilizesi a malambe amene ndinamanga dzulo
ndawapeza ali madzi okhaokha m'timapepala,
ndipo ana a sukulu sagula madzi.

Esau Kamchacha wabwera pa kabaza
ndi chikwama chonunkha girisi.
Wagwada, watchera khutu,
wagogoda chimphika chakuda chija ndi sipanala.
"Kompuresa yatopa, bambo.
Gasi ndinathira chaka chatha uja
wathawira pa kabowo koti maso anga sakukaona.
Ina ndikhoza kukaipeza ku Chipata, yogwirapo kale ntchito,
koma za m'mimba mwake sindingalumbire.
Mwina zaka zitatu. Mwina Loweruka lomweli."

Ndafunsa mtengo. Wayang'ana kudenga.
Mmisiri akayang'ana kudenga
dziwani kuti matumba a mtedza ayamba kulongedza.
Anayi, kukonza.
Khumi ndi limodzi, yatsopano,
yoyera mbee ija ya pa sitolo ku boma,
ya kapepala kolonjeza chaka chathunthu.
Kuchipinda ndili nawo asanu ndi awiri,
ndipo awiriwo ndi mbewu.

Chifuniro waimba foni kuchokera ku Lilongwe.
"Ababa, mwaikonzetsa kangati?
Labala wa pachitseko, waya uja anapsa
tsiku lomwe magetsi anabwera ndi ukali, gasi kawiri.
Phatikizani. Yatsopano munaigula kale pang'onopang'ono,
kungoti simunabwere nayo kunyumba."
Masamu ake ndi oongoka.
Fizi yophunzirira masamuwo
inkatuluka m'firiji yomweyi, kakobidi kakobidi.

Chimene sindinamuuze ndi ichi.
Pachitseko, pamwamba pa chogwirira, penti inasupuka,
patsala dzimbiri lalikulu ngati chikhatho.
Mayi ake ankatsamira pamenepo madzulo
akuwerenga za tsikulo, milomo ikuyenda popanda mawu.
Nankhoma anaigula ndi gawo lake la kubanki m'khonde,
nabwera nayo pangolo ataifunditsa bulangete,
akukalipira ng'ombe pa dzenje lililonse.
Iye tinamugoneka dzinja lachisanu lapitalo.
Chiyambire pamenepo, kung'ung'udza kwa firijiyi
ndiko kwakhala kupuma kwa munthu wachiwiri m'nyumba muno.

Koma dzimbiri siliziziritsa malambe.
Okutobala wafika, dzuwa likuswa mtengo,
ndipo a Magalasi kutsidya kwa msewu agula yawo.
Mapazi a ana sachedwa kuphunzira njira ina.

Ndakhala pakhonde mpaka malole a ku malire atasiya kudutsa,
ndikulemba manambala pansi ndi kamtengo,
kufufuta ndi phazi, kulembanso.
Ndikakonza, ndagula mphekesera.
Ndikagula, ndalowa m'ngongole mpaka soya atacha.
Njira zonse ziwiri zili ndi minga,
kusiyana kwake n'kwakuti ina ndikuona pothera.

M'mawa ndauza Esau kuti ku Chipata asapite.
Matumba asanu akwere ngolo,
zotsalazo ndikagwada kubanki komwe Nankhoma ankakhala kutsogolo,
amayi aja akandiseke kaye, kenako akandilembe m'kaundula.
Esau wati, "Ndiye chakalechi ndigulitseni,
mkuwa wakewo uli ndi msika."
Ndati ayi.

Ndazula pulagi ndekha.
Yanjenjemera kamodzi, basi.
Ndatsuka m'kati ndi sopo, ndaumitsa padzuwa,
ndachotsa timashelefu,
ndathiramo mbewu ya mtedza ija, matumba onse awiri.
Chitseko chimatsekabe bwino, khoswe sangalowe.
Isunge zimenezo mpaka mvula yoyamba.

Usiku uno m'nyumba muli chete wachilendo.
Ndadzuka kawiri kukamvetsera,
ndipo kachiwiriko ndinapeza dzanja langa
lili pa dzimbiri paja.