Wolondera Moto ku City Deep

Sikisi koloko madzulo ndimasaina m'buku,
kenako n'kukhala pampando umene Mxolisi wausiya wofunda.
Patsogolo panga pali masikirini khumi ndi awiri,
fakitale yonse yodulidwa nthulinthuli:
matanki anayi a metanolo, mapaipi achikasu,
geti la malole, ndi galu wopanda mwini
amene amadutsa pa kamera yachitatu cha m'ma leveni.

Tsiku loyamba a Venter anandilozera kabokosi
kokhomedwa pansi pa kamera iliyonse,
kagalasi kake kakuda bii.
"Aka kamaona zimene iwe sungaone.
Metanolo akayaka, lawi lake limabisala m'kuwala,
munthu amalowamo akuimba mluzu."
Ndinati, nanga ine ntchito yanga n'chiyani?
"Iko kakuwa, kamera iloza malowo,
iwe utsimikize, udine batani, uimbe foni."

Ndiye kamasaka malawi, usana ndi usiku.
Nditaziika m'chinenero chathu ndinaseka ndekha,
poti pa Jules Street apolisi nawo
amasaka dzina lomwelo m'matumba mwathu.

Kamanama nthawi zina.
Kanakuwapo chifukwa cha wowotcherera zitsulo kuseri kwa mpanda,
kanakuwanso dzuwa litamenya galasi la lole.
Koma usiku wina wa Juni, chisanu chikuluma zala,
mphindi khumi ndi zisanu ndi ziwiri itadutsa thuu koloko,
nambala seveni inafiira psuu.
Ndinayang'ana. Magetsi a pabwalo anali mbee.
Paipi ili chilili, simenti youma.
Mpweya wokha pamwamba pa valavu ukunjenjemera
ngati msewu wa tala m'mwezi wa Okutobala,
ndipo Lebohang akubwera ndi sipanala paphewa,
mapazi asanu ndi atatu, asanu ndi awiri, asanu ndi limodzi.

Sindikumbuka chinenero chimene ndinakuwira pa sipika.
Anaima.
Chala changa chinali kale pa batani,
thovu linagwa kuchokera kudenga, phwaa,
n'kumukwirira mpaka m'mawondo.
Anayang'ana kamera, ine ndinayang'ana iye,
sanadziwe kuti ndikulira.

M'mawa lipoti linali mizere itatu. Palibe wovulala.
A Venter anasisita kabokosi kaja ngati mbuzi yobereka mapasa.
Atabweza filimu m'mbuyo kuti aone poyambira moto
anaonanso kuti Lebohang analibe magolovesi,
ndi kuti Lachiwiri lapitalo mutu wanga
unagwera pachifuwa mphindi zinayi.
Tonse awiri tinasainira makalata a chenjezo
ndi cholembera chimodzi.

Ndikaweruka ndimakwera takisi ya ku Jeppe.
Nyumba yathu kale inali ya maofesi;
pansanjika yachisanu tilipo mabanja khumi ndi anayi,
makoma athu ndi makatoni ndi nsalu.
Magetsi anadula chaka chatha.
Uyu pulayimasi, uyo mbaula, winayo waya wakuba
wolumikiza ndi pepala la pulasitiki.
Chitseko chothawira anachimanga unyolo
chifukwa cha akuba nsapato.
Kuno kulibe diso pakhoma, kulibe batani.
Ndimagona masana, mphuno ili maso.

Mwana wanga Ndaziona ali mu giredi faifi.
Amalemba masamu pa kandulo, tsitsi lili pafupi ndi lawi,
ndipo amandifunsa ngati kuntchito ndimaonera mpira
pa ma TV onsewo.
Faifi koloko ikakwana ndimadzaza ndowa,
kuiika pambali pa matiresi,
kandulo ndimaimika m'sosala ya madzi.
Ndimamuuza zomwe ndinamuuza dzulo:
ukamva fungo usafunse munthu, usatenge chikwama,
masitepe a kumanzere, gwira dzanja la amayi ako.
Amati, ndamva adadi, mwanena kale.

Ndimatsika masitepe makumi asanu ndi atatu mumdima,
ndikuwerenga,
kupita kukalondera matanki a eni ake.