Tsiku Lachisanu ndi Chitatu

Kachitatu konse ndaima pageti la Chikurubi
kudikira mwana wa mlongo wanga.
Msilikali wa pakhomo amandidziwa:
"Sekuru, mwabweranso?"
Ndinangomuonetsa mano.

Malizani anatuluka ndi kajumbo:
buluku lomwe analowa nalo, kasopo kotha,
mapilitsi asanu ndi awiri m'kapepala.
Ndinawawerenga m'kombi,
n'kuwawerenganso titatsika ku Tafara.

Poyamba inali silinda ya gasi ya aneba.
Kachiwiri foni ya mayi wina pa Copacabana.
Kenako waya wa magetsi.
Woweruza anatchula zonsezi mokweza,
koma m'mapepala ake munalibe
mawu aja amene amaitana mnyamatayu usiku
kuchokera kudenga, kuchokera m'wailesi yozima,
kumuuza kuti thawa, akubwera.
Kundende mankhwala amawafunditsa bulangete.
Kunja kuno amadzuka tsiku lachisanu ndi chitatu.

Tawerengerani nokha.
Ku Anekisi ndi makombi awiri kupita, awiri kubwera,
benchi mpaka dzuwa kupendeka,
mwina n'kumva kuti atha, kaguleni kufamase.
Pomwe mutoriro uli kuseri kwa mashopu a Kamunhu,
kulibe mzere, safunsa khadi,
anyamata ake amakudziwa dzina,
anakusungira njerwa yako yokhalapo.

Ulendo uno ndinavindikira makina Lolemba m'mawa,
madilesi a eni ake ali osasoka m'mbali,
ndinamugwira dzanja ngati wa giredi wanu.
Sisita Rusike sanafunse kuti unaba chiyani.
Anati, "Umagona bwanji?"
Malizani anayang'ana nsapato zake nthawi yaitali
kenako anayamba kulankhula,
zinthu zimene ine, malume wake, sindinazimvepo.
Jakisoni wa pamwezi, anatero sisitayo,
ndipo mukachedwa ndikuimbirani.
Anaimbadi, mwezi wachiwiri, mvula itatitsekereza.

Kunyumba ndinamupatsa singano
ndi chitini cha mabatani a yunifolomu za sukulu.
Manja ankanjenjemera, ulusi unkakana diso la singano,
batani limodzi theka la ola.
Kawiri anabwera maso ali gwa, nsagwada zikutafuna mphepo.
Sindinamuthamangitse. Ndinafuna.
Ndipo sindinama, usiku uliwonse
sizasi ndinkagona nayo pansi pa pilo.

Lachinayi lina ndikuchokera kogula zipi
ndinapeza simbi palibe.
Malizani palibe.
Mtima unangoti ndinanena ine.
Miyendo inayamba yokha, imaidziwa njira ya kupolisi,
pakamwa ndikukonza kale mawu okanena,
mtundu wa simbi, mtengo wake, chingwe chomata tepi.

Pangodya ya tchalitchi cha CCAP ndinakumana naye.
Simbi m'khwapa, idakali yofunda,
malaya khumi ndi awiri paphewa, osalala ngati pepala.
"Kwathu magetsi athawa, malume,
ndinakapempha soketi kwa Mai Dhliwayo.
Ana avale makwinya Lolemba?"
Kenako: "Nanga inu mukupita kuti?"

Ndinati kukagula tomato.
Tinakaguladi, atatu, sindinkawafuna.

Mawu aja sanasamuke.
Akuti amanong'onabe, maka mwezi ukamatha,
koma tsopano amandiuza akayamba,
ndiye timakhala pakhonde mpaka atatopa.
Anyamata a kwa Kamunhu amamuimbirabe likhweru.
Pakalendala ya kubutchala ndazunguliza pa 19,
ndalama ya makombi anayi ili m'bokosi la mabobini,
siikhudzidwa ngakhale lendi italira.

Lero ndi tsiku la 114.
Sindikulonjeza munthu kuti Chikurubi sadzandionanso.
Koma usiku uja wa tomato
sizasi ndinaisiya patebulo, dala.
Sindinagone.
M'mawa ndinaipeza pomwepo,
wina ataidonthezera mafuta pachikulufu
chimene chakhala chikulira kuyambira chaka chatha.