Msozi wa Matayala Awiri

Ekiselo ndinaigula kuseri kwa msika wa Soweto,
ya ngolo yakufa kale, dzimbiri mpaka m'mafupa.
Wogulitsa analumbira pali mayi ake kuti idakali ndi moyo.
Ndinam'khulupirira chifukwa ndinkafuna.

Pulani ndinajambula ndi khala pasimenti ya pakhonde:
kutsogolo kwamimba, kumbuyo kosongoka,
dontho la msozi litagona cham'mbali.
Zelipa anakolopa m'mawa mwake.
Ndinajambulanso.

Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndayendetsa minibasi,
Kulima Tawa, Chelisitoni, Chelisitoni, Kulima Tawa.
Mutalumikiza maulendo onsewo ngati chingwe
mukhoza kumanga dziko m'chiuno,
koma ine sindinaonepo dzuwa likutuluka
kopanda kondakitala wokuwa kukhutu kwanga.

Choncho miyezi khumi ndi itatu,
magetsi akabwera pakati pa usiku
ndinkadzuka ngati mfiti yoitanidwa,
kuwotcherera zitsulo mpaka tambala woyamba,
maso akuyabwa ngati mwathiridwa mchenga,
agalu a Kalingalinga yense akuuwa malawi abuluu.

Pulayiwudi sakakamizidwa.
Woyamba anathyoka ngati bisiketi,
ndalama ya sabata yonse ili phwaa pansi.
Wachiwiri ndinam'sambitsa madzi otentha,
kum'pinda chala chimodzi patsiku,
mmene umapemphera ngongole kwa mlamu.

A Njobvu, okhoma mabokosi a maliro kutsidya kwa msewu,
anasuzumira pampanda, pensulo ili kukhutu:
"Mwayamba kutilanda makasitomala, aneba?
Koma lanuli lili ndi zenera."
Ana akuti ndi dzira. Ena akuti khola la nkhuku za mabwana.
Zelipa anangofunsa kamodzi, akuyanika zovala:
"Nanga galimoto yoikoka ili kuti?"
Ndinati wogula chingwe mbuzi imam'peza.
Sanaseke.

Ndinayeza zonse, ine.
Bedi ndinayezera pa iye mwini,
atagona chagada pasimenti akung'ung'udza za nyerere.
Ndinayeza kabati ya mapoto awiri ndi mbaula,
malo a chigubu cha madzi,
kachitseko kakumbuyo kotseguka ngati pakamwa pa mvuu.
Mahinji ndinachotsa pafiriji yakale,
zenera ndi la basi imene inagubuduka ku Kafue,
malata osalala ndinakhoma ndi misomali mazana atatu,
uliwonse ndi dzina la malo amene sindinafikeko.

Loweruka lomaliza ndinapaka utoto wobiriwira,
ndinaitana anyamata anayi okankha,
ndinatsegula geti.

Zala zinayi.
Geti linachepa ndi zala zinayi basi.

Tinayesa chammbali, tinaphwetsa matayala,
tinabwerera, tinayesanso.
A Njobvu anakhala pansi m'fumbi ndi kuseka
mpaka pensulo inagwa.
Mpandawo ndi wa alandilodi,
ndipo alandilodi ali ku Kitwe mpaka Khirisimasi.

Usiku umenewo sindinalowe m'nyumba.
Ndinakwawira m'msozi wanga, n'kudzitsekera,
fungo la vanishi ndi manyazi.
Kenaka gogogo.
Zelipa, bulangete paphewa, fulasiki ya tiyi m'khwapa.
"Sendera uko. Unandiyeza wekha, malo anga alipo."

Mvula yoyamba ya Novembala inatipeza momwemo,
ikuwerenga misomali yanga umodzi umodzi.
Panalibe podontha.
Ndinadikira, ndinamvetsera. Panalibe.

Magetsi anazima mukomboni monse,
zenera la basi lija linada bii,
kunja kukanakhoza kukhala kwina kulikonse.
Iye anatembenuka, nkhope kukhoma lopindika,
mawu ali kale theka m'tulo:
"Tafika pati?"
Ndinati tangodutsa Chongwe.
"Yendetsa bwino, kukuterera.
Ukandidzutse pamlatho wa Luangwa,
ndikufuna kugula nsomba zouma."